Ming'alu pa zitsulo za pamoto: chifukwa chake imabwerera mutakuta kale, ndi chochita

Chaka ndi chaka nkhani yake ndi yomweyi. M'miyezi yozizira, tiyi akachepa m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, mafakitale amazimitsa ng'anjo ndipo amisiri amalowa kukakonza. Zitseko za ng'anjo, zitsulo zogonekapo nkhuni, mapaipi a mpweya wotentha wopita kowumitsira tiyi, zonsezi zimawotchereredwa, kumatidwa, kenaka kupakidwa penti wasiliva mpaka kunyezimira. Mvula ikagwa mu Disembala masamba amabwera ochuluka, makina amayenda usana ndi usiku, ndipo pofika Febuluwale mng'alu uja wabwerera, kawirikawiri pamalo pomwepo. Eni zigayo za dizilo ndi majenereta ku Luchenza, Chitakale, Limbuli ndi Bvumbwe nawonso akuidziwa ekizozi yomatidwa mwezi uno n'kung'alukanso mwezi wamawa.

Pafupifupi mafunso onse omwe anzanga a ntchitoyi amandifunsa amachokera pa kusamvetsa chinthu chimodzi. Chokutira, kaya ndi penti, phala kapena chitsulo chopopera, ntchito yake ndi kuteteza chitsulo chabwino kuti moto, utsi ndi phulusa zisachidye. Sichilumikiza chitsulo chomwe chagawikana kale. Kukuta mng'alu musanauchotse kuli ngati kuzira khoma lomwe maziko ake akusuntha. Ndondomeko yake sisintha: pezani pomwe mng'alu wathera, uchotseni wonse, dzazani, yesaninso, ndiye kutani.

Chenjezo tisanayambe n'komwe: zonse zili m'munsimu ndi za zitsulo zomwe sizisunga nthunzi. Ngati mng'alu uli pa thupi la boyila, pa mapaipi ake kapena pa paipi ya nthunzi, dumphani mupite kumapeto.

## Musanakhudze chilichonse

Dziwani chitsulo chomwe muli nacho. Madigiri onse m'nkhaniyi ndi a Celsius.

- Chitsulo wamba: maginito amakakamira, ndipo pa grinder chimatulutsa timoto tatitali towala. Chikapitirira madigiri 500 chimayamba kufundula makoko akuda msanga.
- Cast iron, chitsulo choumba pochithira chosungunuka m'chikombole: maginito amakakamiranso, koma timoto take ndi tatifupi, tofiirira. Mukapala ndi fayilo, ufa wake umadetsa zala.
- Stainless, chitsulo chosachita dzimbiri, ya 304 kapena 310: maginito sakakamira, kapena amangokoka pang'ono. Ya 304 imapirira mpaka cha m'ma 850, ya 310 imapitirira 1,000.
- Zitsulo zochuluka nickel, monga Inconel: pamaso zimafanana ndi stainless. Dalirani buku la makinawo kapena nambala yodindidwa pa chitsulocho.

Pezani nsonga za mng'alu. Diso lokha limanama, chifukwa mng'alu umapyapyala ukamapita kunsonga. Njira yabwino ndi ya zitini zitatu zopopera: chotsukira, mankhwala ofiira olowerera, ndi ufa woyera. Chitsulo chizizire kufika pochigwira ndi dzanja. Tsukani, poperani ofiirawo, dikirani mphindi 10 mpaka 30, pukutani ndi nsanza, poperani woyerawo mopyapyala. Pomwe pali mng'alu patuluka mzere wofiira.

Ngati zitinizo palibe, njira yakale ya palafini ndi choko imagwirabe ntchito. Pakani palafini, asiyeni alowerere, pukutani mpaka pamwamba pawume, kenaka pakani choko chosungunula m'madzi pang'ono. Chikauma, gogodani ndi hamala yaing'ono chapambali. Muona kamzere konyowa kakutuluka pa choyeracho, kakuyenda pang'onopang'ono, kudutsa pomwe inu mumati ndi pothera, mwina kukhota n'kukalowa pa bowo la bawuti. Pamenepo ndiye pali ntchito yeniyeni. Kumbukirani kuti palafiniyo ayenera kuchoka yense musanawotcherere kapena kukuta.

Dziwani zomwe chokutira chilichonse chingathe.

- Phala la epoxy, lija losakaniza ziwiri: lambiri limafewa lisanafike madigiri 200, ndipo labwino kwambiri silipitirira 300. Pa ng'anjo ndi pa ekizozi pafupi ndi injini n'kutaya ndalama.
- Penti wopirira moto wa silicone: mpaka cha m'ma 600. Amaletsa dzimbiri basi.
- Phala lomatira ekizozi ndi simenti ya ng'anjo: zimapirira cha m'ma 1,000, zimatseka utsi, koma n'zophwanyika ndipo sizikoka mbali ziwiri za mng'alu.
- Chitsulo chopopera chosungunuka, monga aluminiyamu kapena nickel wosakaniza ndi chromium: chimateteza bwino kwambiri, koma chimangogwira pa kukhakhala kwa pamwamba, sichiwonjezera mphamvu.
- Kuwotcherera pamwamba ndi rodi (waya wowotcherera) ya 309, 310 kapena ya nickel: ichi chokha ndi chomwe chimasungunukira limodzi ndi chitsulo chapansi.

## Chizindikiro choyamba: mng'alu wabwerera pamalo pomwepo

Ili ndiye vuto lomwe limatidyera nthawi kwambiri, ndiye ndikhalitsapo.

1. Nsonga ya mng'alu inatsala. Ichi ndiye chimachitika koposa zonse. Mmisiri amapala pamwamba, grinder imapaka chitsulo pakamwa pa mng'alu n'kuwubisa, iye n'kuyesa watha. Moto ukabwerera, kachidutswa kotsalako kamayambiranso pomwe kanalekezera.

- Yesani: palani chokutiracho, yesani ndi mankhwala ofiira. Ngati mzere watsopano ukutsata wakale ndendende, chifukwa chake ndi ichi.
- Konzani: boolani bowo la mamilimita 4 mpaka 6 patsogolo pang'ono pa nsonga iliyonse. Kumbani ngalande yozungulira pansi pake, osati yosongoka, kutsata mng'alu wonse. Yesaninso musanayatse makina owotcherera. Mzere ukaonekabe, kumbaninso.

Pano ndi pomwe pamabwera mkangano. Kapitawo amaima kumbuyo kwanu: "Achimwene, tangomatani, mathirakitala a masamba ali pageti." Iye sakulakwa, tsamba lothyoledwa silidikira munthu. Yankho lomwe limamveka ndi kumuonetsa mzere wa pachoko uja ndi chala, n'kunena kuti, "Abwana, ndikhoza kutseka utsi lero kuti shifiti ithe, koma mulembe kuti Lamlungu tikuchotsa chitsulochi." Kumata kongoyembekezera si tchimo. Choipa ndi kumata n'kupaka penti pamwamba, aliyense n'kuiwala kuti pansi pali mng'alu. Ine pomata mongoyembekezera sindipakapo penti, ndimazunguliza ndi choko n'kulemba tsiku.

2. Chitsulo chilibe pofutukukira. Chitsulo wamba chotalika mita imodzi chikatentha ndi madigiri 500 chimatalika ndi mamilimita 6 kapena 7. Stainless imatalika pafupifupi 9. Mphamvu imeneyi palibe bawuti yoigonjetsa. Ikasowa kolowera, imang'amba pomwe pali pofooka, ndipo pofooka kwambiri ndi pomwe munakonza.

- Yesani: onani ngati mabowo a mabawuti omwe anapangidwa otalikirapo adzaza dzimbiri kapena amangidwa mothinitsa. Onani mipata ya pakati pa zitsulo zogonekapo nkhuni ngati yatsekeka ndi phulusa louma gwa. Onani ngati wina anawotcherera cholumikizira chomwe chimayenera kumasuntha, poganiza kuti akulimbitsa.
- Konzani: chotsani phulusa m'mipata, masulani mbali imodzi kuti izitsetsereka, dulani zolimbitsa zomwe sizinali pa pulani. Chigamba chokhuthala kwambiri kuposa chitsulo chozungulira chimabweretsa vuto lomweli, chifukwa ziwirizo sizitentha pa liwiro limodzi.

3. Kutentha ndi kuzizira kwadzidzidzi. Funsani osonkha moto, chifukwa ndiwo amaona zonse. Kodi phulusa amalizimitsa ndi madzi lili pa zitsulo? Kodi chitseko chimasiyidwa chotsegula m'mawa wa chiperoni? Chinanso ndi magetsi. Akazima, fani imaima koma nkhuni zimapitiriza kuyaka, ndiye mapaipi amatentha mopitirira. Jenereta ikalira, fani imawomba mpweya wozizira pa chitsulo chofiira.

- Konzani: gwirizanani kuti magetsi akazima moto uchepetsedwe pomwepo, ndipo akabwera fani iyambe ndi chotsekera mpweya chotsegula pang'ono. Ng'anjo yomwe yangokonzedwa iyatsidwe ndi moto waung'ono kwa maola angapo isanapatsidwe nkhuni zambiri.

4. Chokutira chinali chosayenera kutenthako. Mukapeza makala akuda ofumbutuka m'ngalande, linali phala la epoxy. Kuti mudziwe kutentha kwa malowo popanda chida, yang'anani usiku: chitsulo chikamafiira moderako chili cha m'ma 600, chikafiira kwambiri chili cha m'ma 800, chikafika mtundu wa lalanje chili cha m'ma 900 kapena kupitirira.

5. Kunjenjemera. Fani yomwe mapiko ake amata mwaye mbali imodzi imagwedeza paipi yonse. Mng'alu wotere umayambira pangodya kapena m'mphepete mwa powotcherera. Tsukani mapiko, onani mabelingi, onjezerani chochirikiza.

## Chizindikiro chachiwiri: chokutira chikusupuka

Musataye chibenthu chomwe chagwa. Chitembenuzeni, kunsi kwake kumanena zonse.

- Kunsi n'kwakuda kapena kwadzimbiri: chitsulo sichinayeretsedwe.
- Kunsi n'koyera, ndipo chitsulo chomwe chatsala chikunyezimira: panali posalala kwambiri.
- Chokutira chagawikana pakati, china chatsala pa chitsulo: chinakhuthala kwambiri kapena chinawumitsidwa mothamanga.

Zifukwa zake, kuyambira chofala:

1. Mwaye, oyilo ndi makoko a moto. Burashi ya waya imawalitsa makokowo koma siyiwachotsa, ndipo anthu ambiri imawanamiza. Yambani n'kuchotsa oyilo ndi girisi, kenaka palani mpaka chitsulo chotuwa chioneke. Mukapukuta ndi nsanza yoyera isadetsedwe. Pa ntchito yopopera chitsulo, muyezo womwe makampani amafuna ndi Sa 2½ kapena Sa 3 wa ISO 8501-1, kutanthauza chitsulo choyera pafupifupi ponseponse, ndipo izi zimatheka ndi makina owomba timiyala basi.

2. Chinyezi. Kuno kwathu ili ndi vuto lenileni, chifukwa nthawi yokonza mafakitale ndi nthawi yomweyo ya chiperoni. Chitsulo chopalidwa madzulo chimagona ndi mame, m'mawa chili ndi dzimbiri losaoneka bwino. Lamulo lake ndi lakuti chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri 3 kuposa pomwe mame amayambira kugwa, ndipo chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti. Kutani pasanathe maola 4 chipalireni. Kukachita nkhungu, funditsani chitsulo pang'ono kapena dikirani dzuwa.

3. Kukhuthala. Penti wa silicone amafuna kupakidwa mopyapyala, kawiri. Mukamukhuthalitsa kuti abise powotcherera, amang'aluka n'kugwa moto woyamba. Phala nalonso lipakidwe pang'onopang'ono, gawo loyamba liume musanaike lachiwiri.

4. Kuwumitsa mothamanga. Phala lili ndi madzi m'kati. Moto waukulu umawasandutsa nthunzi, nthunziyo n'kutukumula matuza. Lisiyeni liume ndi mpweya monga momwe chitini chanenera, kenaka moto waung'ono, kenaka wapakati. Penti wa silicone naye salimba kwenikweni mpaka atatenthedwa, choncho musamukande poyesa asanaone moto.

5. Kompuresa yowombera timiyala kapena kupopera ikulavula oyilo kapena madzi. Wombani mpweya wake pa pepala loyera kwa mphindi imodzi. Likathimbirira, khetsani thanki ndi kukonza sefa.

6. Ngodya zakuthwa. Chokutira chimayamba kumatuka m'mphepete. Zungulizani ngodya ndi grinder musanakute.

Pa nkhani yowomba timiyala ndikupemphani ndi mtima wonse: musatunge mchenga wa mu Ruo kapena Likhubula kuti muwombere chitsulo. Fumbi la mchenga limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa, matenda ake ndi silicosis, sachizika, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu. Kansalu kapakamwa sikaletsa fumbi limeneli. Gulani timiyala topangidwira ntchitoyo kapena palani ndi grinder.

## Chizindikiro chachitatu: timing'alu tambirimbiri tolukanalukana

Si mng'alu umodzi wautali, koma malo onse ali timizeremizere tosazama. Timapezeka pa zitseko, pa zitsulo zogonekapo nkhuni ndi pa mapaipi oyang'anana ndi lawi. Apa ndi pomwe chokutira chimathandiza kwenikweni, mukafulumira.

1. Kutopa kwa chitsulo ndi kutentha n'kuzizira mobwerezabwereza. Pamwamba pamatentha msanga kuposa m'kati, ndiye khungu la chitsulo limakokedwa n'kukankhidwa tsiku lililonse.

2. Lawi likumenya malo amodzi. Onani ngati njerwa za moto zagwa kapena khoma lotchinga lagumuka. Mukapanda kubwezeretsa njerwazo, chokutira chilichonse chipsa.

3. Phulusa ndi zomwe zikuwotchedwa. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu, ndipo likamatirira pa chitsulo chotentha limadya kachikopa kopyapyala komwe kamateteza stainless. Zimaipiraipira ngati m'ng'anjo mukuponyedwa majumbo, zidutswa za mapaipi a pulasitiki, matumba a feteleza kapena nsanza za oyilo, chifukwa zina mwa izi zimatulutsa chlorine ndi sulfure. Ng'anjo ya fakitale si dzala. Nkhuni za bulugamu zaziwisi nazonso zimachititsa moto kukwera ndi kutsika, osonkha n'kumatsegula chitseko pafupipafupi.

4. Powotcherera rodi yolimbitsa. Marodi ena olimbitsa pamwamba, aja ochuluka chromium, amang'aluka timizere topingasa akamazizira, ndipo ndi mmene anapangidwira. Timizereti tikakhala kuti sitinalowe m'chitsulo chapansi, tisiyeni.

Chochita:

- Palani kagawo kakang'ono, yesani ndi mankhwala ofiira, palaninso mpaka timizere tithe. Yezani kuya komwe mwafika.
- Ngati chitsulo chotsala chikadali chokhuthala mokwanira kusenza katundu wake, palani malo onse, dzazani ndi rodi yoyenera, salazani, ndiye kutani.
- Ngati timizere tikupitirirabe mutapala gawo lalikulu la kukhuthala kwake, lekani. Chitsulocho chatha.
- Zitsulo zogonekapo nkhuni n'zotchipa poyerekeza ndi marodi a nickel. Kawirikawiri kusintha kumaposa kukonza.

## Chizindikiro chachinayi: mng'alu watsopano m'mbali mwa powotcherera

Mwamaliza bwinobwino, mukulongedza zida, n'kumva kaphokoso kakuti ngwe! Mukayang'ana, mng'alu wayenda m'mphepete mwa powotcherera.

1. Rodi yolakwika pa cast iron. Rodi wamba ya 6013 imatenga kaboni wa mu cast iron n'kusanduka yolimba koma yophwanyika. Gwiritsani ntchito ya nickel: ENi-CI pa zopyapyala, ENiFe-CI pa zokhuthala kapena polumikiza cast iron ndi chitsulo wamba. N'zodula, koma palibe njira yachidule.

2. Kutentha kosasamalika. Sankhani njira imodzi mwa ziwiri, osasakaniza.

- Yotentha: funditsani chitsulo chonse, osati pa mng'alu pokha, kufika madigiri 300 mpaka 400. Wotchererani chisanazizire, kenaka chikwirireni mu mchenga wouma kapena phulusa louma mpaka mawa.
- Yozizira: wotchererani mamilimita 25 okha, gogodani pomwepo ndi hamala ya mutu wozungulira pakadali potentha, dikirani mpaka dzanja likhoza kukhalapo, ndiye pitani mbali ina. Imatenga tsiku, ndipo wothamanga asaiyambe.

3. Marodi onyowa. Marodi a 7018 amayamwa chinyezi, ndipo kuno ku Mulanje paketi yotsegula siichedwa kuwonongeka. Mng'alu wake umachedwa, umatha kuoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Asungeni mu uvuni wa marodi pa madigiri 120 mpaka 150, ndipo musakute powotcherera tsiku lomwelo. Dikirani, yesani, ndiye kutani.

4. Cast iron yopsa. Yomwe yakhala pamoto zaka zambiri imalowa mpweya ndi oyilo m'kati. Rodi imangogubuduzika, sigwira, ndipo pamatuluka timabowo. Nthawi zina kupala mozama kumafika pabwino. Kukakanika, pali njira yosoka chitsulo popanda moto, ija ya Metalock, yoboola n'kukhomamo makiyi achitsulo mopingasa mng'alu. Imafuna zida zake ndi munthu woidziwa.

5. Stainless pa chitsulo wamba. Rodi yake ndi 309. Komanso kumbukirani kuti ziwirizi sizifutukuka mofanana, choncho chigamba chachikulu cha stainless chowotchereredwa mbali zonse zinayi pa chitseko cha chitsulo wamba chidzang'amba m'mphepete. Chigamba chotere chimakhala bwino pa mabawuti okhala ndi mpata.

6. Zodetsa zazing'ono. Zinc wa pa malata amasungunuka pa madigiri 420, ndipo akakhudza stainless yotentha amalowa m'kati n'kuing'amba. Sulfure wa mu oyilo ndi girisi amachita chimodzimodzi pa zitsulo za nickel. Disiki ndi burashi za stainless zikhale zakezake, zisakhudze chitsulo china.

## Chizindikiro chachisanu: dzimbiri ndi timabowo kunsi kwa chumuni

Awa kawirikawiri si mavuto a moto koma a madzi. Utsi wa nkhuni zaziwisi ukazizira umasanduka madzi owawasa omwe amatsikira pansi, ndipo mvula yolowa pamwamba nthawi yomwe ng'anjo yazima imasakanikirana ndi mwaye. Gogodani ndi hamala, podyeka pamamveka mosiyana. Dulani podyekapo, ikani chigamba, pakani penti wa silicone, tsegulani kabowo kotulutsira madzi. Ngati kudyekako kwazungulira chumuni, musakwerepo ndipo musayandikize anthu.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: ekizozi ya chigayo kapena jenereta ikung'aluka mobwereza

Mudziwa ndi mzere wa mwaye wakuda pambali pa mng'alu, ndi kaphokoso komwe kamamveka injini ikangoliza kumene n'kuchepa ikatentha.

1. Kulemera kwa paipi yonse kwatsamira pa injini. Mangani paipi ku khoma kapena ku denga, ndipo pakati pakhale cholumikizira chopindika.
2. Nkhope yokhudza injini yapotoka. Ikani rula yachitsulo. Pakaoneka mpata, pitani nayo kukasalaza, chifukwa kuikoka ndi mabawuti kumaing'ambanso.
3. Bawuti yathyoka kapena mabawuti sanamangidwe mofanana. Mangani kuyambira pakati kupita kunja.
4. Injini ikutentha mopitirira. M'chigayo, sefa ya mpweya imatsekeka ndi fumbi la ufa. Onaninso mainjekitala ndi kuchuluka kwa katundu.
5. Kuzimitsa mwadzidzidzi. Injini ya turbo iziyenda yopanda katundu mphindi 3 mpaka 5 isanazimitsidwe.

Phala lomatira ekizozi limathandiza pa paipi yakutali ndi injini. Pa gawo la cast iron lokhudza injini limangokufikitsani Loweruka. Mukaona thovu mu radiator kapena madzi akuchepa osaoneka podontha, mng'alu ukhoza kukhala m'mutu wa injini, ndipo mutuwo upite ku Limbe kapena Blantyre kwa omwe ali ndi makina oyezera.

## Lekani, itanani katswiri

Ikani zida pansi ngati mwaona chimodzi mwa izi:

- Mng'alu, kudontha kapena kutupa pa thupi la boyila, pa mapaipi ake, pa mbale yogwira mapaipi, pa paipi ya nthunzi kapena pa thanki ya kompuresa. Zimitsani moto motsata ndondomeko ya fakitale. Osamata, osagogoda, osawotcherera. Madzi a m'boyila amakhala otentha kuposa madigiri 100, ndipo chitsulo chikang'ambika amasanduka nthunzi nthawi imodzi. Zida zimenezi zili pansi pa lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, ndipo oyendera a ku Unduna wa Zantchito ali ndi gawo lawo. Kukonza kumafuna wowotcherera woyesedwa pa ntchito yotere, ndipo pomaliza boyila imayesedwa ndi madzi, osati ndi mpweya.
- Paipi yatupa kapena yagwa pakati. Chitsulo chatambasuka ndi kutentha kwa nthawi yaitali ndipo chawonongeka m'kati monse. Pa boyila, izi zimachitika kawirikawiri chifukwa cha zoyera zokakamira m'kati zochokera ku madzi osasamalidwa.
- Cast iron yakula, yapindika, ndipo ikufumbutuka poipala.
- Stainless yomwe yakhala nthawi yaitali pakati pa madigiri 600 ndi 900 ikuthyoka poigogoda itazizira.
- Mng'alu uli pa chinthu chozungulira mothamanga: mapiko a fani, shafiti, kapena m'kati mwa turbo.
- Mng'alu wabwerera kachitatu mutatsata zonsezi.
- Simukudziwa mtundu wa chitsulocho.
- Zofunda zakale za pa mapaipi n'zotuwa ndiponso zaulusiulusi. M'mafakitale akale zikhoza kukhala asibesitosi. Musazikhadzule.

Pali ntchito zinanso zomwe malo athu okonzera sangazithe ngakhale mmisiri atakhala waluso chotani. Mapiko a injini za ndege ndi a makina a gasi opangira magetsi ndi a nickel wapadera. Ming'alu yake imatsukidwa ndi mpweya wa fluoride, imadzazidwa ndi ufa wachitsulo mu uvuni wopanda mpweya pa madigiri pafupifupi 1,200, kenaka amapoperapo chitsulo chogwirizira ndi chotchinga kutentha cha zirconia wosakaniza yttria wokwana 7 kapena 8 peresenti. Onani kuti ngakhale kumeneko, ndi makina a ndalama zankhaninkhani, amayamba atsuka ndi kudzaza mng'alu asanakute. Wina akakuuzani kuti ali ndi chitini chomwe chimachita zonsezi pongopaka, musagule.

Za chitetezo chanu pa ntchito zomwe mungathe:

- Musalowe m'ng'anjo kapena m'paipi muli nokha. Makala ooneka ozima amatulutsabe mpweya wakupha wopanda fungo. Wina aime pakhomo, ndipo switchi ya fani ikhale yokhoma, kiyi ali m'thumba mwanu.
- Utsi wowotcherera stainless uli ndi chromium woyambitsa khansa. Pakhale mphepo yodutsa, ndipo mutu wanu usakhale mu utsiwo.
- Musatsuke powotcherera ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine. Akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa poizoni wa phosgene.
- Nsanza za palafini ndi zitini zopopera zituluke musanayatse makina.

Poitana katswiri, mutumizireni pa WhatsApp zithunzi za mng'alu mutaika rula pambali, china chapafupi, china chosonyeza makina onse. Jambulaninso kachitsulo kolembedwa dzina la wopanga, nambala ndi chaka. Muuzeni zomwe zimawotchedwa m'ng'anjomo, mtundu womwe chitsulo chimafika usiku, rodi ndi chokutira zomwe zinagwiritsidwa ntchito kale, ndi miyezi yomwe zinakhalitsa. Zibenthu zomwe zagwa zisungeni m'pepala louma, ndipo pamalo pong'alukapo musapale kapena kupakapo kanthu iye asanafike.